Munthu amene anapenta sitima mizeremizere pa nkhondo: za Norman Wilkinson

Funso lasabata ino lachokera kwa achemwali athu ena amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Liverpool. Alemba kuti: "Tsiku lina ndinakwera feri yowoloka mtsinje wa Mersey, dzina lake Snowdrop, yonse yopentedwa mitundu yambirimbiri, mizere yokhotakhota paliponse. Bambo wina amene ndinakhala naye pafupi anandiuza kuti kale pa nkhondo sitima zinkapentedwa chonchi kuti adani asazione, ati amene anayambitsa ndi wojambula zithunzi, yemwenso chithunzi chake chinali mu Titanic. Ine sindinakhulupirire. Chinthu chowala chonchija chingabisale bwanji? Nanga munthuyo anali ndani?"

Achemwali, kukayika kwanuko kuli m'malo ndithu. Bambowo akuuzani zoona pa za munthuyo komanso za Titanic, koma aphonya pomwe anena kuti cholinga chinali choti adani asaione sitimayo. Mwini wake wa nzeruyi anachita kunena poyera kuti sitima siingabisike, olo mutaipenta bwanji. Chomwe ankafuna nchoti mdani aione bwinobwino koma asokonezeke kuti ikulowera kuti. Munthuyo dzina lake Norman Wilkinson, Mngelezi, anabadwira ku Cambridge mu 1878 nkumwalira mu 1971 ali ndi zaka 92, ndipo ntchito yake yeniyeni moyo wake wonse inali yojambula nyanja ndi sitima. Zamizerezi zinangomutengera zaka ziwiri zokha, koma ndi zomwe anthu amamukumbukira nazo, zomwe kwa ine zimandidandaulitsa pang'ono.

Ali mwana anali woimba kwaya ku sukulu ya St Paul's Cathedral ku London, kenako anakaphunzira zojambula ku Portsmouth ndi Southsea, ndipo apa mpomwe panagona nkhani, chifukwa Portsmouth ndi kwawo kwa sitima zankhondo za Royal Navy, ukangotuluka panja maso amagwera pa doko basi. Anapitakonso ku Paris kukaphunzira kujambula anthu koma sizinamukoke, mtima unali ku madzi. Anakakhalako ku St Ives, ku Cornwall, kwa mphunzitsi wojambula nyanja Louis Grier, ndipo ankakwera sitima zonyamula katundu nkumayenda nazo akujambula. Cha mu 1898, asanakwane nkomwe bwino zaka 20, zojambula zake zinayamba kutuluka mu nyuzipepala ya Illustrated London News, ndipo anagwira nawo zaka zambiri.

Ntchito imeneyi lero kulibe ndiye ndiifotokoze. Nthawi imeneyo kamera inalipo kale koma inali yolemera, yochedwa, ndipo pa nyanja pamene zonse zikugwedezeka, kaya kuli nkhungu kaya ndi usiku, sinkathandiza kwenikweni. Nde sitima ikamira, kapena mfumu ikapita kukayendera sitima zankhondo, nyuzipepala imafuna munthu wa pensulo ndi bulashi woti apange chithunzi msangamsanga chisanafike nthawi yosindikiza, nthawi zina iye sanaone nkomwe, akungomva kwa amene analipo. Ndipo owerenga ambiri anali anthu a pamadzi, ukalakwitsa chingwe chimodzi kapena kuika chumuni pomwe sichikhala, makalata odandaula amafika. Sukulu yeniyeni ya Wilkinson inali imeneyi, kujambula mwachangu koma molondola, ndi kudziwa kuti sitima imaoneka bwanji ukaiona patali, osati uli pafupi pa doko.

Anthu amaona ngati kujambula nyanja nkophweka, amati ungopaka buluu pansi, buluu wina pamwamba, pakati uikepo sitima. Yesani muone. Madzi alibe mtundu wawo, amabwereka kwa thambo, nde ukasintha mitambo uyenera kusinthanso madzi onse. Sitima iyenera kukhala mkati mwa madzi ndi kulemera kwake, ophunzira ambiri amaijambula ngati yangoikidwa pamwamba. Utsi, mbendera ndi mafunde ziyenera kugwirizana kuti mphepo ikuchokera mbali imodzi, apo ayi munthu wodziwa akangoyang'ana amaseka. Ku England luso limeneli linali ndi mzere wake wautali, kuyambira kwa a van de Velde, bambo ndi mwana wake ochokera ku Netherlands amene mfumu Charles II inawalemba ntchito m'zaka za m'ma 1670 nkuwapatsa chipinda chogwirira ntchito ku Greenwich, kudzafika kwa wojambula wotchuka J. M. W. Turner, kenako W. L. Wyllie amene anali wamkulu kwa Wilkinson. Wilkinson sanali Turner ayi, tisanamizane, alibe moto umene uja. Mphamvu yake inali diso loyera, kudziwa choti asiye osajambula.

Za Titanic nzoona. Kampani ya White Star Line pomanga sitima zake ziwiri zikuluzikulu ku Belfast, Olympic ndi Titanic, Wilkinson anapatsidwa ntchito yojambula chithunzi chachikulu cha sitima iliyonse, chopachika pamwamba pa malo osonkhapo moto m'chipinda chomwe abambo a fesiti kalasi ankasutiramo fodya. Cha mu Olympic chinkaonetsa polowera ku doko la New York, cha mu Titanic chinali doko la Plymouth. Chimenechi chinamira limodzi ndi sitimayo pa 15 Epulo 1912. Chimatchulidwa kawirikawiri chifukwa mmodzi mwa ogwira ntchito amene anapulumuka ananena kuti anaona Thomas Andrews, mkulu amene anatsogolera mapulani a sitimayo, ataima yekha m'chipinda chomwecho sitima ikumira. Anthu ambiri amasokoneza zithunzi ziwirizi, amaika cha New York mu Titanic, chifukwa chithunzi cha mu Olympic ndi chomwe chinatsala nkumaoneka pa zithunzi za kamera. Patapita zaka zambiri mwana wake wamwamuna, amenenso anali wojambula, anachijambulanso cha Plymouth chija potsatira zomwe bambo ake anasiya, ndipo chili ku Southampton komwe Titanic inanyamukira.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914 iye analowa gulu la odzipereka la asilikali apamadzi, ndipo mu 1915 anali ku Dardanelles, pa nkhondo ya Gallipoli imene a Britain ndi anzawo anakwapulidwa ndi a Turkey. Ali komweko sanasiye kujambula, chaka chomwecho anatulutsa buku la zithunzi za penti wa madzi zomwe anajambula kumeneko. Pofika 1917 anali ku Devonport, akuyendetsa kaboti kochotsa mabomba otchera m'madzi.

Chaka chimenecho zinthu zinali zitafika povuta. Kuyambira pa 1 Febuluwale 1917 Germany inalengeza kuti sitima zake zoyenda pansi pa madzi, ma U-boat, zizimiza sitima iliyonse yopita ku Britain popanda chenjezo, ndipo mwezi wa Epulo wokha zinamiza sitima zolemera matani opitirira 800,000. Dziko la pachilumba lomwe tirigu wake wambiri amachokera kunja, mukhoza kuona nokha kuti njala inali pakhomo. Anthu ankabwera ndi nzeru zosiyanasiyana zopenta sitima kuti zisaoneke, ena amati imvi, ena buluu, ena mpaka magalasi. Wilkinson poti anali atakhala zaka pafupifupi 20 akuyang'ana sitima patali ankadziwa kuti zonsezo nzongotaya nthawi. Munthu wa mu U-boat amayang'anira pa periscope, chipaipi cha magalasi chotulukira pamwamba pa madzi, diso lake lili pafupi ndi madzi, nde sitima amaiona kumbuyo kwake kuli thambo, ndipo thambo limasintha ola lililonse, penti amene akubisa m'mawa madzulo akuulula. Kuonjeza apo sitima zinkayendera malasha, utsi wakuda umaoneka sitimayo isanatulukire nkomwe. Mu Epulo momwemo analemba kalata kwa akuluakulu ake kuti tisiye zobisa, tiyeni tiziphwanye maonekedwe a sitima ndi mizere ikuluikulu yosiyana mitundu kwambiri kuti woombayo alephere kudziwa njira yake.

Kuti mumvetse, kumbukirani anyamata akamalasa mbalame youluka ndi legeni, saloza pomwe mbalame ili koma kutsogolo pomwe ikhale mwala ukamafika. Torpedo, bomba loyenda m'madzi lomwe U-boat imaombera sitima, ndi chimodzimodzi. Siinali ndi nzeru zotsata sitima ngati za masiku ano, imangoyenda molunjika, ndipo imatenga nthawi kuti ifike, mwina mphindi yathunthu kapena kuposa. Nde kaputeni wa U-boat ayenera kudziwa zinthu zitatu, sitima ili patali bwanji, ikuthamanga bwanji, ndipo yaloza mbali iti, zonsezi pongosuzumira masekondi ochepa chifukwa periscope ikakhalitsa kunja imaoneka ndipo iye ndi amene asanduke nyama. Akalakwitsa pang'ono pa kuloza kwa sitimayo, ndiye kuti wakaima malo olakwika, torpedo idutsa kutsogolo kapena kumbuyo, kapena imenya malo osaopsa kwenikweni. Ma torpedo anali odula komanso U-boat imanyamula ochepa, kuphonya kumodzi kunali kutaya kwakukulu.

Tsono diso la munthu limadziwa komwe sitima yaloza poona mutu wake wosongoka, chipinda cha kaputeni, machumuni ndi milongoti momwe zaimira. Mizere ya Wilkinson imalimbana ndi zimenezi. Amapenta mutu wabodza kumbuyo kwa weniweni, amadutsitsa mzere wopendekeka kuchokera pa thupi la sitima kukwera mpaka pa chumuni kuti usadziwe pomwe china chathera, mizere ina imapita ikuchepa ngati mbali imeneyo ikutalikira pomwe ikukuyandikira, ena amapenta ngati funde loyera kuti liwiro lioneke lina. Mitundu yake kwambiri inali yakuda, yoyera, buluu, girini ndi imvi, ndipo mbali ya kumanja imapentedwa mosiyana ndi ya kumanzere, komanso mapatani amasinthidwasinthidwa kuti a Germany asaloweze. Njira imeneyi inatchedwa dazzle.

Anayamba ayesa pa sitima ina yonyamula katundu yotchedwa Industry, malipoti a amene anaiona pa nyanja anali olimbikitsa, basi Wilkinson anapatsidwa zipinda ku bungwe la ojambula la Royal Academy, ku Burlington House mu London. Mmenemo munali kagulu kochepa, ojambula angapo, osema timasitima tamatabwa, ndi atsikana ophunzira zojambula amene anali ambiri pagululo ndipo ndi amene ankagwira ntchito yaikulu yopenta timasitimato ndi kujambula mapulani otumiza ku madoko, koma mayina awo nthawi zambiri satchulidwa. Kasitima kakapentedwa amakaika pa thebulo lozungulira, kumbuyo kuli nsalu yooneka ngati thambo, munthu nkumasuzumira pa periscope kuti anene kaloza kuti. Wilkinson mwini ankasimba kuti mfumu George V, imene pa unyamata wake inali msilikali wapamadzi ndipo inkadzidalira pa zimenezi, itabwera kudzaona inasuzumira nkutchula mbali yolakwika kutalitali. Patani ikapambana mayeso amaijambula papepala, nkutumiza ku doko komwe anthu a mabulashi ataliatali amaikopera pa sitima yeniyeni.

Apa mpomwe mzinda wanu wa Liverpool ukulowa. Mmodzi mwa oyang'anira ntchito yopenta pa madoko anali wojambula Edward Wadsworth, amene anagwira ku Bristol ndi ku Liverpool, ndipo mu 1919 anajambula chithunzi chachikulu cha sitima ya mizere ili pa doko louma ku Liverpool anthu akuipenta, pano chili ku National Gallery of Canada ku Ottawa. Feri yanu ija siyakale choncho ayi, patani yake anapanga ndi Sir Peter Blake mu 2015 pokumbukira zaka 100 za nkhondoyo, ndipo mitundu yake yofiira, yachikasu ndi ina yowala ija ndi yachisangalalo chabe, za pankhondo sizinkafika pamenepo. Pofika kumapeto kwa nkhondo mu 1918 sitima za katundu pafupifupi 4,000 ndi zankhondo pafupifupi 400 za Britain zinali zitapentedwa. Ngakhale Olympic yomwe ija, imene inali ndi chithunzi chake cha New York, inavala mizere pamene inkanyamula asilikali, ndipo mu Meyi 1918 inagunda U-boat ina, U-103, nkuimiza. Chaka chomwecho Wilkinson anaitanidwa ku America kukathandiza asilikali apamadzi akumeneko kukhazikitsa gulu lawo, nthawi imeneyo wachiwiri kwa nduna yoona za asilikali apamadzi anali Franklin Roosevelt amene anadzakhala pulezidenti.

Mwina mukufuna mudziwe ngati zinkagwiradi ntchito. Apa ndikhale chilungamo. Mu 1918 akuluakulu a Admiralty, likulu la asilikali apamadzi a Britain, anaika komiti yoti iunike, ndipo siinapeze umboni wogwirika woti mizereyi inkapulumutsa sitima, koma inati apitirize chifukwa siinkaononga kanthu ndipo ogwira ntchito m'sitima ankalimba mtima akakhala m'sitima yopentedwa. Vuto lowerengera linali loti zinthu zambiri zinasintha nthawi imodzi. Kuyambira pakati pa 1917 sitima zinayamba kuyenda pamdipiti moperekezedwa ndi zankhondo, ndipo akatswiri a mbiri amagwirizana kuti chimenechi ndi chomwe chinathyola msana wa ma U-boat. Komanso sitima zomwe zinkayamba kupentedwa zinali zikuluzikulu, zomwe mdani amazifuna kale, nde kufananiza manambala kumasokoneza. Mu 2011 ofufuza a ku yunivesite ya Bristol anapeza kuti mapatani ena amasokonezadi diso pa liwiro, koma chinthucho chikamathamanga kwambiri, osati pang'onopang'ono ngati sitima ya katundu. Ine maganizo anga ndi oti nzeru ya Wilkinson inali yolondola pa mfundo, inathandiza apo ndi apo makamaka kunja kukakhala kwa chisisira, koma amene amati inapambanitsa nkhondo akukokomeza.

Nkhondo itatha panabuka mkangano woti anayambitsa ndani. Pulofesa wa za nyama ku Glasgow, John Graham Kerr, anali atalembera kale Winston Churchill, nduna yoona za asilikali apamadzi nthawi imeneyo, mu Sepitembala 1914 kuti sitima zizipentedwa zigambazigamba potengera nyama ngati mbidzi ndi nyamalikiti, ndipo sitima zina zinapentedwadi kwa kanthawi kenako nkusiya. Nkhani inafika ku bungwe loona za mphotho za oyambitsa zinthu, ndipo mu 1922 linagamula mokomera Wilkinson nkumupatsa mapaundi 2,000. Mfundo ya Wilkinson inali yoti Kerr ankafuna kusokoneza mizinga poyeza mtunda komanso kuchepetsa kuoneka, pomwe iye ankalimbana ndi torpedo ndi njira ya sitima. Kerr sanakhutire, ndipo ineyo ndimaona kuti anayenera kupatsidwako ulemu wochulukirapo. Palinso ena amene amati zonsezi zinachokera kwa wojambula Picasso ndi anzake a kajambulidwe kamakono kotchedwa Cubism chifukwa mizereyo imafanana ndi zojambula zawo. Wadsworth ndi amene analidi wa magulu amakonowo, Wilkinson anali wachikale weniweni, munthu wojambula sitima ioneke sitima, ndipo anafika pa mizereyi chifukwa chodziwa zomwe diso limadalira pa nyanja.

Mbali ya ntchito yake imene ineyo ndimaikonda kuposa zonse ndi maposita a njanji. Kale mu 1905 anapangira kampani ya London and North Western Railway posita yoitanira anthu kupita ku Ireland, ndipo m'malo modzaza pepala ndi mawu ndi tizithunzi tambirimbiri monga ankachitira nthawiyo, iye anangoika nyanja yaikulu yabata, kasitima patali, mawu ochepa. Makampani a njanji ataphatikizidwa mu 1923 nkupanga London, Midland and Scottish, LMS, iye anawauza kuti aitane ojambula otchuka a Royal Academy azipanga maposita, chinthu chomwe ambiri ankachiona ngati chonyozeka kwa wojambula wa dzina. Mu 1924 anavomera angapo, kuphatikizapo William Orpen amene anajambula oyendetsa sitima ya pamtunda ya makalata usiku ali pa moto wa injini. Masiteshoni anasanduka malo oonerako zithunzi kwa anthu amene sakanalowa m'nyumba zoonetsera zojambula. Maposita a Wilkinson mwini ali ndi mitundu yochepa yoyalidwa mosabisa, thambo lalikulu, ndipo munthu wothamangira sitima amamva uthenga pa sekondi imodzi. Mukawaika pambali pa zithunzi zake zina za penti wamafuta, zomwe nthawi zina zimauma ngati lipoti, maposita ndi amene ali ndi moyo.

Analinso mlenje wa nsomba wotheratu, wowedza salmon ndi trout m'mitsinje ya England ndi Scotland, ndipo anapanga zithunzi zambiri za kuwedza mwa njira yokanda pa chitsulo cha kopa ndi singano nkusindikiza papepala, zomwe okonda kuwedza amazisakabe mpaka pano. Kuyambira 1936 mpaka 1963 anali pulezidenti wa bungwe la ojambula ndi penti wa madzi, Royal Institute of Painters in Water Colours.

Nkhondo yachiwiri itabwera, radar (makina ozindikira sitima ili patali) ndi ndege zinali zitachepetsa phindu la mizere pa sitima, ngakhale ena anaigwiritsabe ntchito. Wilkinson ulendo uno anapatsidwa ntchito yoyang'anira zobisa mabwalo a ndege zankhondo za Britain, RAF, ndipo kenako anabwerera ku bulashi yake. Pa 6 Juni 1944, tsiku lomwe asilikali a Britain ndi anzawo anakocheza ku Normandy, ku France, mkuluyu ali ndi zaka 65 anali pa sitima yankhondo HMS Jervis akujambula mizinga ikulira. Zithunzi zake za nkhondo ya pamadzi, zopitirira 50, zinaonetsedwa ku National Gallery mu 1944 ndipo anazipereka ulele kwa dziko. Mu 1948 anapatsidwa ulemu wa CBE wochokera kwa mfumu, ndipo mu 1969, kutatsala zaka ziwiri kuti amwalire, anatulutsa buku la mbiri ya moyo wake momwe nkhani zambiri za 1917 zimachokera, choncho poziwerenga muzikumbukira kuti akusimba ndi mwini mlandu.

Ngati mungapeze tsiku la ofu nkufuna kuona ntchito yake ndi maso, zithunzi za nkhondo yachiwiri zija zimasungidwa ku National Maritime Museum ku Greenwich, timasitima tamatabwa ta mizere ndi mapulani ake zili ku Imperial War Museum ku London, maposita ali ku National Railway Museum ku York komwe kuchokera ku Liverpool mumangokwera sitima ya pamtunda imodzi. Malo onsewa kulowa nkwaulele, koma sikuti zonse zimakhala zopachikidwa nthawi zonse, zambiri zimakhala mosungira, nde yambani mwafufuza pa webusaiti yawo kapena pa Art UK musanawononge ndalama ya tikiti.